Mayi Amene Anakana Kuzimitsa Nyali Zachikasu

Mu mzinda wina munali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene ankagwira ntchito pa bwalo la mpikisano wa galimoto. Iye sankapikisana nawo. Galimoto yake inkaima chete kumapeto kwa kanjira ka magalaja, komwe opikisana amapatukira kukasintha matayala, ndipo padenga pake panali nyali zachikasu. Masiku ambiri ankaweruka galimotoyo isanayende n'komwe.

Lamulo la ntchito yake linali lalifupi. Ngozi ikachitika, iye atuluke, ayatse nyali, akhale kutsogolo kwa onse. Opikisana andandane pambuyo pake, aliyense pamalo pomwe anali. Wina asapitirire mnzake, ndipo wina asayerekeze kupitirira iye. Nyalizo azizimitse pokhapokha munthu womaliza woyenda pansi atachoka pamsewu. Akazimitsa, apatukire m'kanjira kaja, liwiro liyambirenso.

Opikisana sankamukonda. Munthu wakhetsa thukuta ola lathunthu kuti asiye anzake kutali, nyali zija zikangoyaka, onse amupezanso. Ankamunyoza pomutcha Kamba. Iye ankangoti, "Zikomo," n'kumapukuta galasi lake.

Linafika tsiku la mpikisano waukulu wa pachaka. Anthu anadzaza bwalo, ena mpaka kukwera m'mitengo ya kunja kwa mpanda. Mwini bwalo anaitana alendo olemekezeka n'kuwakhazika pamwamba, pamthunzi. Galimoto ziwiri zinali patsogolo, yachiwiri ikununkhiza utsi wa yoyamba, ndipo panalibe amene akanalosera wopambana.

Kutatsala maulendo asanu ozungulira bwalo, galimoto ina yakumbuyo inaphulika tayala pakona yakuthwa ya kumunsi. Inawomba chipupa, inagubuduzika kawiri, n'kukagona chagada, theka lake lili pamsewu.

Nangondo anayatsa nyali n'kutuluka. Onse anandandana pambuyo pake.

Podutsa pakona paja anaona zonse ndi maso ake. Woyendetsa, mnyamata wa ndevu zongomera kumene, anali lende pa malamba, mutu uli pansi, mwendo utapanikizika ndi zitsulo. Amuna anayi opulumutsa anthu anagwada patala, akudula zitsulozo. Namwino wina anagona chafufumimba, atalowetsa mapewa pawindo, manja ake atagwira mutu wa mnyamatayo kuti usagwedezeke. Miyendo ya namwinoyo inali itadutsa mzere woyera, ili m'kati mwa msewu. Onsewo anali atafulatira kumene galimoto zimachokera. Sankacheuka, chifukwa ankadziwa kuti nyali zachikasu zayaka.

Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Khamu linayamba kung'ung'udza.

Kenaka wailesi ya m'galimoto inalira. Anali woyang'anira mpikisano, bambo wachikulire amene Nangondo anagwira naye ntchito zaka zambiri.

"Mayi Nangondo, ulendo uno muzimitse nyali. Mulowe."

"Bambo, anthu adakali pamsewu."

"Akuti asunthira m'mbali. Akuti mpata wodutsa ulipo."

Nangondo anamva "akuti" uja ndipo anadziwa kuti pali munthu amene waima kumbuyo kwa mpando wawo. Anadikira kuti afikenso pakona paja, n'kuyang'ana. Miyendo ija inali pomwepo. Nsapato imodzi inali itavuka.

"Bambo, ndadutsa pompano. Sanasunthe."

Kenaka pawailesi panamveka mawu ena, okhuthala. Anali mwini bwalo.

"Iwe mayi, ukundimva? Anthu onsewa sanabwere kudzaonera mdipiti wa maliro. Kwatsala maulendo awiri, ndipo ndikufuna atsirize ndi liwiro. Galimoto imeneyo ndi yanga. Msewu ndi wanga. Iwenso ndinakulemba ntchito ndine. Zimitsa nyali, ulowe!"

Musaganize kuti Nangondo analibe mantha. Ankadziwa kuti dera lonselo bwalo ndi lomweli, ndipo akachotsedwa pano, ntchito imene anaikonda moyo wake wonse sadzaigwiranso. Mtima unamunong'oneza kuti wolamula walamula, zikavuta mlandu sukhala wake. Mwinanso onse akanadutsa bwinobwino, wina osakhudza munthu. Pagalasi ankaona galimoto makumi awiri zikukhotera uku ndi uku kutenthetsa matayala, injini zikubangula ngati zilombo zanjala. Ankazidziwa. Akangopatuka, zikanafika pakona paja zitatu zitatu, wina osafuna kusiyira mnzake mpata.

Polowera m'kanjira ka magalaja panayandikira. Chala chake chinali pafupi ndi batani lozimitsira.

Anatenga wailesi nati, "Bwana, galimoto ndi yanu, msewu ndi wanu. Koma miyendo ili pamsewu ija si yanu."

Anaika manja onse awiri pachiwongolero n'kupitirira polowera paja, nyali zikuyakabe.

Bwalo lonse linakuwa. Mabotolo anayamba kuuluka, lina n'kusweka padenga la galimoto yake. Woyendetsa amene anali pachiwiri, amene khamu linkamufunira chipambano, anatuluka pamzere n'kudzayenda pambali pake penipeni, akumuopseza ndi chibakera. Nangondo sanamuyang'ane, sanawonjezere liwiro ndipo sanachepetse. Munthu uja anadziwa kuti akangodutsa mphuno ya galimoto ya nyali, amuchotsa mumpikisano. Anabwerera pamalo pake. Pawailesi mwini bwalo ankatukwanabe, koma Nangondo anangotsitsa mawu a wailesiyo.

Pa ulendo womaliza anapeza zitsulo zitaduka, mnyamata uja akumunyamula pamachira, namwino akuyenda pambali atagwirabe mutu wake. Anthuwo anali asanafike kuseri kwa chipupa. Nangondo sanazimitse nyali mpaka mbendera yomaliza inakupizidwa, galimoto zonse zikudutsa pang'onopang'ono ngati zikuchokeradi kumanda.

Pamenepo m'pamene analowa m'kanjira ka magalaja, mwa liwiro laling'ono lomwe lamulo limalola mmenemo. Mwini bwalo anali akumudikira, nkhope ili gwaa.

"Makiyi."

Nangondo anawapereka ndi manja awiri.

"Ukudziwa kuti wandichititsa manyazi pamaso pa alendo anga?"

"Ndikudziwa, bwana. Ndipo mwachita bwino kuwatenga makiyiwo, chifukwa zitachitikanso mawa, ndingachitenso chimodzimodzi."

Anavula chipewa chake cholimba, n'kuchiika pampando, n'kutuluka pachipata wapansi, anthu akumuloza ndi kumutsonya.

Mnyamata uja anachira, ngakhale kuti amayenda motsimphina. Amuna anayi aja ndi namwino anabwerera kwa ana awo tsiku limenelo, osadziwa n'komwe zimene zinanenedwa pawailesi. Woyang'anira mpikisano sanaulule kanthu. Palibe amene anapita kukathokoza Nangondo, pakuti ngozi imene sinachitike ilibe mboni. Mpaka lero mu mzinda umenewo amamukumbukira ngati mayi amene anawononga mpikisano wabwino. Iye akamva amangoti, "Ndinauwonongadi," osaweramitsa mutu.

Tsono inu amene mukundimvera, ena mwa inu mwapatsidwa nyali zotere: kuchipatala, kusukulu, pa ntchito ya zomanga, ngakhale m'nyumba mwanu momwe. Lidzafika tsiku lomwe wamkulu adzakuuzani kuti muzimitse, khamu lidzakhala kumbali yake, ndipo mudzakhala nokha amene mwaona kuti pakona pali munthu wogwada, atafulatira chifukwa akudalira inu. Musadikire kuti wina akuombereni m'manja, pakuti mwina sizidzachitika. Makiyi angakulandeni, ndi awo. Koma pamene adakali m'manja mwanu, munthu akadali pamsewu, musazimitse.