Kanambala Kamene Anafufuta a Kamphinda

Pa Namitete, ukangodutsa pamene pamaima akabaza, pali kampani yaing'ono ya mayi Nellie Chimutu yosankha ndi kulongedza mbewu ya mtedza ndi soya. Mu ofesi mwake muli makompyuta olumikizana, ndipo onsewo amamvera kompyuta imodzi yaikulu yotchedwa seva, imene imakhala m'kachipinda kokhoma. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kiyi wa kachipindako ankalendewera palamba wa a Luka Kamphinda, mlembi wa pakampanipo.

Bambo amenewa kusukulu ya makompyuta sanapondeko. Kungoti katswiri amene anadzaika sevayo, pobwerera kutauni, anawalembera manambala onse m'kabuku n'kuwasiyira pasiwedi yaikulu. Kuyambira tsiku limenelo pulinta ikangotsamwa pepala, "Itanani a Kamphinda!" Intaneti ikathawa, "A Kamphinda ali kuti?" Olongedza matumba anawapatsa dzina loti Ainjiniya, ndipo eni ake ankalikana ndi pakamwa pokha. Akamapita kukachipinda kaja ankaliza makiyi dala, kuti ngakhale mayi wogulitsa mandasi pageti adziwe kuti kwadutsa munthu.

Ndiye mu Okutobala, ntchito ya mbewu ili pachimake, mayi Chimutu analemba ntchito Ireen, mayi wachitsikana wa ku Nambuma amene anaphunzira za makompyuta kukoleji. Anamugulira kompyuta yatsopano, yopyapyala, pamene ya a Kamphinda inali ija yolira ngati chigayo, zilembo za pakiyibodi zitafufutika.

"Bambo Kamphinda, mwavutika nokha nthawi yaitali," anatero mayi Chimutu Lachitatu m'mawa. "Mukadwala kapena mukapita kumaliro, ntchito imaima. Ireen akatha kulowetsa kompyuta yakeyi mu domeni, tidulitsa kiyi wachiwiri kuti muzithandizana."

"Zabwino kwambiri zimenezo, madamu," anayankha a Kamphinda, mano onse pamtunda.

Tisabisane, nsanje inawagwira. Palibe amene anati awalanda kanthu. Anangouzidwa kuti agawane. Koma kwa iwo kiyi wachiwiri anatanthauza kuti mawa pulinta ikatsamwa, anthu adzayang'ana uku ndi uku n'kusankha woitana. Anatsimikiza mumtima kuti kiyi ameneyo sadulidwa iwo ali moyo.

Domeni imeneyi musaiope dzina. Ili ngati kalabu ya alimi: seva ndiyo imasunga kaundula, kompyuta iliyonse imalembedwamo ndi dzina lakelake, ndipo yosalembedwa siloledwa kukhudza mafailo kapena pulinta ya pakampani. Ya mayi Chimutu inkatchedwa BWANA, ya kosungira katundu NKHOKWE, ya a Kamphinda MLEMBI. Ireen, posadziwa kuti akuponda pachilonda, anatcha yakeyo MLEMBI2. A Kamphinda atasuzumira n'kuona dzinalo, anapsa mtima. Ndiye kuti m'nyumba mwalowa mkazi wachiwiri, eti?

Ireen analemba dzina la domeni n'kudina. Kompyuta inaganiza, inaganiza, kenaka inatulutsa uthenga wachizungu wakuti domeni imeneyo sikupezeka. Anaonetsetsa ngati sanalakwitse chilembo, anadinanso, yankho lomwelo. Anagwada pansi pa tebulo n'kusintha waya wa netiweki, koma ayi ndithu. Intaneti inkatseguka bwinobwino, seva yokha ndiyo inali ngati ili kutsidya la nyanja chikhalirecho ili kuseri kwa khoma. Atayang'ana pakona ya sikirini anapeza kuti wotchi ya kompyutayo ili m'mbuyo ndi maola awiri.

"Bambo Kamphinda, nthawi ili bwanji pafoni panupo? Seva simagwirizana ndi kompyuta yosiyana nayo nthawi."

"Teni twente faifi," anatero iwo, osadzutsa mutu.

Ireen anakonza wotchiyo n'kuyesanso. Uthenga womwe uja unabweranso. Anapukuta thukuta n'kutembenuka.

"Kodi pali china chimene katswiri uja ankasintha pakompyuta iliyonse asanailowetse?"

"Aaa, achemwali, ine zakusukulu ndizidziwira kuti? Ife timangopapasa. Mapepala muli nawo ndinu."

Bodza lenileni! Yankho linali m'kabuku kaja, m'thumba la malaya awo, patsamba loyamba penipeni. Anangokasisita ndi chala n'kumapitiriza kulemba, akuseka chamumtima.

Itakwana nthawi ya nkhomaliro, mayi Chimutu anatulukira ndi kachikwama kawo. "Ireen, siya kaye zimenezo mutu upume. Tiye tikadye chipisi kumsika."

Abale inu! Zaka zisanu ndi chimodzi a Kamphinda akuthamangira mapulinta, madamu sanawagulireko ngakhale chigumu. Lero wobwera dzulo, amenenso zikumukanika, akukadyetsedwa chipisi! Anzawo onse atatuluka, iwo anati atsala kudikira foni yochokera ku Mpingu, ndipo anakhoma chitseko cha ofesi m'kati.

Ankadziwa kuti mtsikanayo si wogona, njira aipeza basi. Kunangofunika kumuikira china kutsogolo. Apa anakumbukira mawu a katswiri uja: "Makompyuta awiri asamakhale ndi dzina limodzi mu domeni, zimenezo ayi ndithu." Iwo anamva ngati kuti seva imakana wobwera kumene. Kuti kodi pa awiriwo wothamangitsidwa amakhala uti, sanafunse. Kompyuta ya Ireen inali isanaikidwe pasiwedi. Anakhala pampando wake, anatsegula pamene pamalembedwa dzina, n'kufufuta kanambala 2 kaja. Kamodzi kokha, kanambala kamodzi, koti diso lotopa silingakaone. Anaizimitsa n'kuiyatsanso kuti dzinalo ligwire.

"Ukufuna dzina langa? Tenga lonse, tione ngati ulisenze," anang'ung'udza, akubwerera pamalo pawo.

Ireen anabwerako ndi nzeru ina. Anapita pakompyuta ya NKHOKWE n'kuyerekeza manambala ake ndi a yake, mzere ndi mzere. Posakhalitsa anaomba m'manja.

"Ndapeza! Ndi DNS, pamene kompyuta imafunsira njira. Zinazi zimafunsa kwa seva, koma yangayi imafunsa kwa rauta, kabokosi ka intaneti kaja. Kameneko kamadziwa njira ya ku Ulaya, koma ya kukachipinda ka pakhomo pompano ayi."

Analemba nambala ya seva pamalopo, anadina, ndipo ulendo uno kompyuta inapempha pasiwedi yaikulu. "Bambo Kamphinda, bwerani mulembe, ndinu mumaisunga."

A Kamphinda sanachedwe kudzuka. Anaitananso madamu kuti adzaone ntchito ya mtsikana wawo uja. Analemba pasiwedi ija ndi dzanja lawolawo, anapinda manja n'kuima chapatali kudikira kuti seva ikane. Kompyuta inaganiza pang'ono, kenaka inalemba kuti takulandirani mu domeni.

Mayi Chimutu analuluta pang'ono. A Kamphinda nawo anaomba m'manja, nanga akanatani, koma mutu unali utaima. Chimene sankadziwa n'chakuti seva ikaona pasiwedi yaikulu sitsutsa. Imangoti mwini wake wafuna kuti dzinali lipite kwa watsopanoyu, ndiye imamupatsa, wakale uja n'kumuiwala. Kompyuta yawo yakale inagwirabe ntchito mpaka poweruka chifukwa inali yolowa kale, ndipo iwo anaizimitsa osadziwa kanthu. Anapita kwawo akudzitonthoza kuti mawa apeza pena pomutchera.

M'mawa wa Lachinayi pageti panaima lole yochokera ku Kabudula, yodzatenga matumba mazana awiri a mbewu ya mtedza. Thumba la mbewu silituluka popanda lebulo, kapepala kosonyeza mtundu wa mbewuyo, ndipo pulogalamu yosindikizira malebulo inali pakompyuta ya a Kamphinda yokha. Iwo eni ndiwo anakana kalekale kuti iikidwenso pena. Anayatsa chigayo chawo chija n'kulemba pasiwedi. Inakana. Uthenga wake unali wakuti seva sikuizindikiranso kompyuta imeneyi, ubale wawo watha. Analembanso pang'onopang'ono. Anauzira kiyibodi, anagwedeza waya, anazimitsa n'kuyatsanso, koma uthenga uli pomwepo. Kunja dalaivala wa loleyo, a Harold, anayamba kuliza hutala.

"Ainjiniya! Dzuwa likutipsereza kuno! Alimi akudikira ku Kabudula!"

Ireen anabwera n'kuwerenga uthengawo. Anabwerera pakompyuta yake, anayang'ana dzina lake, ndipo anapeza kuti kanambala 2 kaja palibe. Kenaka anapita kukaima pambali pa a Kamphinda.

"Bambo Kamphinda, ndaona pamene pavuta. Ndipatseni mphindi khumi tikonze mwakachetechete, lole inyamuke. Zinazo tikambirana awiri."

Munthu wanzeru akanagwira dzanja limenelo ndi manja awiri. Koma nsanje simva, anthuni. A Kamphinda anangoona mwayi woti tsopano mlandu ugwere mtsikanayo. Anamenya tebulo n'kuimirira.

"Mwakachetechete? Ukufuna ubise chiyani? Zaka zisanu ndi chimodzi kompyuta iyi sinandikanepo! Wangogwira dzulo iwe, lero zonse zafa! Madamu! Tabwerani mudzaone ntchito ya anthu a mapepala!"

Mayi Chimutu anatuluka mu ofesi mwawo. Olongedza matumba anadzaza pakhomo, a Harold nawo anasuzumira pazenera, chipewa chili m'manja.

"Ireen, chachitika n'chiyani?"

"Makompyuta awiri ali ndi dzina limodzi, madamu. Yanga yatenga malo a yawo mu kaundula wa seva. Koma ine ndinaitcha MLEMBI2."

"Waonatu! Analakwitsa polemba, ndiye akufuna anamize makina," anatero a Kamphinda. "Atsegule zonse tione chimene anakhudza. Pompano, pamaso pa aliyense!"

Ireen anawayang'ana. "Mukutsimikiza, bambo Kamphinda?"

"Tsegula!"

Kompyuta ili ndi kakhalidwe kena kamene a Kamphinda, pa zaka zawo zonse zopapasa, anali asanakumane nako. Imasunga mndandanda wa zimene zaichitikira, chilichonse ndi nthawi yake. Ireen anatsegula mndandandawo, anatsika nawo mpaka pa dzulo, n'kutembenuzira sikirini kwa madamu. Mayi Chimutu anavala magalasi awo n'kuwerenga mokweza kuti dzina la kompyuta linasinthidwa kuchoka pa MLEMBI2 kukhala MLEMBI nthawi ya 12:41 masana.

Mayi Chimutu anavula magalasi awo.

"Nthawi imeneyo Ireen anali ndi ine pachiwaya, akuthira tsabola pachipisi," anatero mayi Chimutu, mawu ali pansipansi. "Muno munatsala ndani?"

"Mwina... mwina wotchi ya kompyutayo ndi yolakwika, madamu. Zatsopanozi zimabwera ndi nthawi ya kunja."

"Ndinaikonza dzulo m'mawa," anatero Ireen. "Nthawi yake munandiwerengera ndinu."

A Harold anavala chipewa chawo n'kuchoka pazenera. Olongedza matumba anayamba kubwerera mmodzimmodzi, wina akutsokomola chifuwa chimene analibe. Manyazi anawagwira a Kamphinda moti analakalaka pansi patang'ambika.

"Ireen, konza, lole inyamuke," anatero mayi Chimutu.

Pasiwedi yaikulu inafunikanso, ndipo ulendo uno a Kamphinda anaitchula mokweza, chilembo ndi chilembo, Ireen akulemba. Ireen anabwezera kompyuta yake dzina lake, yakale ija n'kuitulutsa mu domeni ndi kuilowetsanso. Pasanathe theka la ola pulinta inayamba kulavula malebulo. Mayi Chimutu anaima pomwepo mpaka thumba lomaliza litakwera ndipo lole itatuluka pageti. Atatero anatembenukira kwa mlembi wawo.

"Bambo Kamphinda, ntchito sindikuchotsani. Mwanditumikira nthawi yaitali, ndipo ana anu ndimawadziwa. Muzilemba makalata ndi malebulo monga kale. Koma dzulo ndinati tidulitsa kiyi wachiwiri. Sitidulitsanso, mmodzi yemweyo akwana. Mpatseni Ireen."

"Madamu, tikanakambirana kaye..."

"Mwana uyu anakupemphani kuti mukambirane awiri, ine ndikumva ndili mu ofesimo. Munasankha bwalo ndinu."

Anamasula makiyi palamba. Kiyi uja anali atakhalitsa pakawaya kake, moti chikhadabo chinathyoka asanatuluke. Palibe anawathandiza, palibenso anayang'ana kumbali. Kiyiyo atatuluka anamuika patebulo, osati m'manja mwa Ireen, ndipo anabwerera pampando wawo n'kukhala moyang'ana khoma.

Cha m'ma 3 koloko pulinta ya kosungira katundu inatsamwa pepala. A Kamphinda anamva mapazi akuthamanga ndipo thupi linadzuka lokha, theka, monga linazolowerera. Wothamangayo anawadutsa osacheuka.

"A Ireen! Tabwerani kuno!"

Anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Anapatsidwa theka anakana, pofuna kuti mnzawo asalawe n'komwe, ndipo msampha umene anatchera mlendo unakola mwendo wawo womwe. Sananame akuluakulu aja: choipa chitsata mwini.