Masau a Kunyanja Yamchere

Simunamve kanthu inu. Makutu aakulu ngati zipande, koma ntchito yake n'kukolekapo ndolo basi. Tasenderani kuno, ana inu.

Panali mayi wina, Nachisale, amene anakwatiwa kutali, kutauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Amayi ake atamwalira kuno kumtunda, uthenga unakamupeza maliro ataikidwa kale, anthu atameta. Kumeneko analibe manda oti akalirepo. Misozi inakana kutuluka, chakudya chinakana kulowa. Anaonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri.

Kuseri kwa tauniyo kunali phiri lolowa m'madzi, losongoka ngati mphuno ya Fulaye uyu. Usandiyang'ane choncho, sindinakuumbe ndine. Pamwamba pake panali linga lakugwa, mokhala apusi ndi mbalame zoyera zodya nsomba.

Tsiku lina mayiyo anakwerako kukatola nkhuni. Anangoona pusi ali mumtengo, akugwetsa tizipatso tofiirira. Kutola kamodzi, ha, masau! Masau a kwawo, kudziko la kokonati.

Mkulu wina amene ankasoka ukonde pamwala anamuona.

"Mayi, zisiyeni izo. Kuno sitidya, n'za apusi."

"Nanga anabzala ndani, bambo?"

"Palibe. Kale m'lingamu ankatsekeramo anthu ogwidwa ukapolo kumtunda, podikira zombo. Ankabwera ndi masau ouma atamanga pansalu. Akatafuna, n'kulavula nthangala pomwepo. Eni ake anapita ndi madzi, mitengo inatsala."

"Amasesapo ndani?"

Mkuluyo anaseka. "Asese chiyani? Palibe manda pano."

Nachisale anathyola nthambi ya chitsamba, nawerama, nayamba kusesa pansi pa mitengoyo monga timachitira kumanda. Pa mtengo woyamba anati, "Pepani agogo, tachedwa." Pa wachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa wachitatu, pakamwa panangotuluka kuti, "Amayi ine!"

Analira mayi uja, mbalame zonse n'kubalalika. Apusi anangoti duu m'nthambi ngati anamfedwa. Mkulu uja anasiya ukonde, anavula chipewa, nakhala pansi chapatali monga akhalira amuna pamaliro. Sanamutonthoze. Anangomudikira.

Kulira kutatha, mayiyo anapukuta nkhope, natola masau atatu n'kutafuna. Nthangala analavulira pomwepo. Atatsika kunyumba anati kwa mwamuna wake, "Bambo a kuno, ufa ulipo? Ndikumva njala."

Ndiye inu, chisoni chikakutsamwitsani, mumathamangira kukadzitsekera m'nyumba. Musamatero ana anga. Pansi pano pali anthu ambiri amene palibe anawalirapo. Tengani tsache mukasese pa iwowo, misozi yanuyo ipeza potulukira.

Elube, ukupukuta chiyani m'masomo? Utsi? Utsi wa moto uti? Nyamuka apo ukanditungire madzi, kummero kwauma. A mumtsuko, wamva? Osati a m'ndowa otentha ndi dzuwa aja!