Ndigwire dzanja, koma usandinyamule

Abale anga, m'wodi ya azibambo ya chipatala china munagonekedwa bambo ena okalamba, osoka nsapato pamsika. Chibayo chinawagwira m'nyengo yozizira ndipo anafika nawo kuchipatalako atachita kuwanyamula. Mankhwala anagwira ntchito, chifuwa chinatseguka, koma bambowo anakhalabe chigonere.

Wowadwazika anali mwana wawo wamkazi, Elube, amene anasiya ana ake kutauni. Ankawakonda kwambiri bambo akewo. Madzi ankawamwetsa, phala ankawadyetsa, ngakhale kutembenuka pabedi ankachita kuwatembenuza. Akati adzuke, iye ankawabweza, amvekere pumulani, mwagwira kale ntchito yokwana.

Tsiku lina namwino anaima pabedipo n'kuwauza zoona zake. Anati matenda atha, posachedwa atuluka, koma miyendo ndiyo ikutha mphamvu, pakuti munthu wamkulu akagona nthawi yaitali miyendo imaiwala ntchito yake. Anawapempha kuti ayambe kuyenda m'wodi momwemo, pang'onopang'ono, iye ali pambali pawo.

Bambowo anatsitsa mapazi pansi. Chizungulire chinawagwira, maondo n'kuyamba kunjenjemera. Elube misozi inalengeza. Anachonderera namwino kuti awasiye kaye, akayenda kunyumba akakapeza mphamvu.

Bambowo anayang'ana miyendo yawo yoondayo. Bedi linali lofunda, ndipo kugonanso kunali kosavuta. Koma anakumbukira kwawo: chimbudzi chili kuseri kwa nyumba, ndipo mayi a kunyumba nawo ndi okalamba, msana umawavuta.

"Mwana wanga, iwe ukabwerera kwa ana ako, adzandinyamula ndani? Ndigwire dzanja, koma usandinyamule."

Tsiku limenelo anangofika kumapazi kwa bedi, thukuta lili kamukamu, n'kubwerera. M'mawa mwake anafika pawindo. Tsiku lina anatopa, anakana kudzuka. Madzulo ake anadzuka okha n'kumuitana Elube. Kenaka anayamba kutulukira pakhonde kukaothera dzuwa. Aphunzitsi ena opuma ntchito, amene anali pabedi loyandikana ndi lawo atachitidwa opaleshoni, anawaonerera mpaka anafunsa namwino ngati nawonso angaloledwe. Anayamba kuyenda awiri, akukangana za mpira.

Tsiku lotuluka, wantchito wa m'wodi anabwera ndi chikuku kuti awakankhe mpaka kugeti. Bambowo anathokoza, nati chikukucho akachipereke kwa wina amene akuchifuna. Anavala jekete lawo, anatsanzika odwala anzawo bedi ndi bedi, n'kuyamba ulendo. Ankayenda pang'onopang'ono, kupuma apa ndi apo, koma mutu uli m'mwamba. Elube ankabwera pambuyo atasenza katundu, ndipo ankauza aliyense wowapatsa njira kuti: "Amenewa ndi bambo anga. Anabwera muno atanyamulidwa."

Abale, ambiri a ife Mulungu anatichiza kale, koma tidakali chigonere. Timati tidzayamba kupemphera tikadzapeza mphamvu, tidzakhululuka mtima ukadzakhala pansi, tidzabwerera kutchalitchi zinthu zikadzayenda bwino. Mphamvu siimupeza munthu ali pabedi. Imabwera mapazi akaponda pansi, maondo akunjenjemera choncho. Ndipo inu amene mukusamalira okalamba ndi ofooka, kaya m'thupi kaya mumzimu, musawachitire zonse mpaka kuwalanda miyendo. Agwireni dzanja, ayende okha. Wogona, dzuka lero, udakali ndi wokugwira dzanja.