Nikandiro ndi Nkhanu ya pa Doko

Pa chilumba cha Kelaida, dzuwa linkatuluka mvukuto wa Sositirato utayamba kale kupuma. Mkuluyu anali atasula malupanga a banja lachifumu kwa zaka makumi atatu, ndipo lilime lake linali lakuthwa ngati ntchito ya manja ake.

Chaka chimenecho zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala. Nkhanu yaikulu ngati nyumba, imene anthu ankati yatumidwa ndi mulungu wa nyanja, inakhazikika polowera padoko. Chombo chilichonse chobweretsa balere inkachipana n'kuchiswa ngati mtedza. Nthaka ya pachilumbapo ndi ya miyala, imabala azitona ndi mphesa basi, ndipo mwana sagonera azitona. Njala inali itaima pakhomo.

M'mawa wina kuchipalako kunafika Nikandiro, mwana woyamba wa Mfumu Diodoro. Anali atapha kale nguluwe yolusa ya kumapiri, ndipo oimba nyimbo anali atamutupitsa mutu.

"Nola lupangali, mkulu iwe. Mawa chinkhanu chija tidyera mkate."

Sositirato analiyeza ndi chala, n'kupukusa mutu. "Lupangali ndinasula ndine, mbuyanga, ndiye ndikulidziwa. Pa chigoba chija lithyoka ngati bango. Musanapite, kacheze ndi amayi oyanika nsomba kugombe. Iwo nkhanu amazidziwa kuposa inu ndi ine."

"Ine, mwana wa mfumu, ndikaphunzire nkhondo kwa amayi onunkha nsomba?"

"Fungo la nsomba silinaphepo munthu. Koma matama, manda ake ndawaona ambiri."

Asilikali amene anabwera ndi mwana wa mfumuyo anabisa nkhope kuti asaseke. Magazi a Nikandiro anawira. Analamula kuti moto wa m'chipala uthiridwe madzi, ndipo usayakenso kufikira mkuluyo ataphunzira ulemu.

Kutacha anakwera ngalawa ndi amuna khumi, khamu likuombera m'manja. Nkhondoyo sinatalike. Atangotema msana wa chilombocho, lupanga linaduka pakati. Nkhanuyo inapana ngalawa n'kuigawa pawiri. Nikandiro anathyoka mkono, msilikali wina mwendo, ndipo onse akanamira pakanapanda amayi a kugombe aja, amene anaponya maukonde n'kuwakokera kumtunda ngati nsomba.

Masiku atatu Nikandiro anabindikira m'nyumba. Oimba aja sanabwere kudzamuzonda. Chimene ankamva pazenera chinali kulira kwa ana kumsika. Tsiku lachinayi anadzuka, mkono uli m'nsalu, n'kutsetserekera kuchipala yekha.

Anapeza Sositirato atakhala pafupi ndi phulusa lozizira, akutafuna nkhuyu zouma.

"Bambo, ndabwera," anatero Nikandiro, maso ali pansi.

"Ndakuonani. Ndamva kuti amayi onunkha nsomba anagwira yaikulu tsiku lija."

"Sekani, mpoyenera. Koma mukatha kuseka mundiperekeze kwa iwo. Ndekha manyazi andipha."

Mkuluyo anadzuka. Anamutengera kwa Filiste, mayi wamasiye amene ankatsogolera oyanika nsomba. Mayiyo sanasiye n'komwe kuthira mchere nsomba zake.

"Nkhanu ikakula, chigoba chimaithina, mwana wanga," anatero. "Imasiya kudya, imabisala m'phanga, n'kufundula. Kwa masiku awiri thupi lake limakhala lofewa ngati tchizi. Iyi yayamba kale kuchita ulesi. Mphesa zikamatha kukololedwa, idzavula."

"Nanga anthu adya chiyani pofika nthawiyo?"

"Funsani abambo anu. Nkhokwe ya kunyumba yachifumu sinaonepo pansi pake."

Nikandiro anakagwada kwa bambo ake, ndipo mfumu inatsegula nkhokwe. Banja lililonse linkalandira mbale ya balere patsiku, nawo a kunyumba yachifumu chimodzimodzi. Moto wa m'chipala Nikandiro anauyatsa yekha, ndipo ankapopa mvukuto ndi dzanja limodzi pamene Sositirato ankasula mikondo yaitali. Amayi nawo ankasinthana kukhala pathanthwe kuyang'anira nyanja.

Tsiku la makumi awiri ndi limodzi, Filiste anatsika pathanthwe akuthamanga, nsalu ili m'manja. "Yavula! Chigoba chikuyandama chopanda mwini!"

Ulendo uno panalibe oombera m'manja, chifukwa aliyense anali ndi chogwira. Asodzi anatseka pakamwa pa phanga ndi maukonde, asilikali analowa m'phangamo madzi atatsika, ndipo Nikandiro analasa ndi dzanja lamanzere pamalo amene Filiste anamulozera, pakati pa maso. Mkondo unalowa ngati mpeni m'dzungu lophika. Chilombocho chinaphupha, madzi n'kuchita thovu, kenako chinangoti zii.

Sabata isanathe, zombo zitatu za balere zinakocheza padoko, ndipo fungo la mkate linabwereranso m'misewu. Paphwando, Mfumu Diodoro anatenga nkhata ya masamba a azitona kuti aveke mwana wake. Nikandiro anailandira ndi ulemu, koma anaiveka Filiste. Kenako anadzaza chikho cha vinyo n'kuchipereka kwa Sositirato atagwada.

"Bambo, tsiku limene ndidzakhale pampando uwo, mudzakhale pafupi nane. Ndikadzayamba kupenga, mudzandiuze pamaso pa anthu."

"Musade nkhawa, mbuyanga," anayankha mkuluyo akupukuta ndevu. "Ntchito imeneyo ndiye ndimaitha kuposa kusula."

Bwalo lonse linafa ndi phwete, mfumu yomwe.

Nikandiro anadzalamulira Kelaida zaka zambiri, ndipo asanachite chinthu chachikulu ankayamba wamva kaye mawu owawa. Anali ataona ndi maso ake kuti omutamanda anamusiya akumira, koma omudzudzula ndi amene anamuvuula. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.