Mpata wa Pamano a Elube

Panali munthu wina, mtsikana dzina lake Elube, amene ankaluka anthu tsitsi ku Joni. Ankakhala yekha m'kachipinda ka lendi. Mayi ake anawasiya ku Mitundu, ndipo panadutsa zaka zisanu osapondako.

Elube anatengera bambo ake: khungu lakuda bii, mphuno yotambalala, ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Kwawo palibe anaonapo vuto. Koma tsiku lina ataika chithunzi chake pa masamba a mchezo, munthu wosamudziwa n'komwe analemba kuti, "Mphunoyo mwabwereka kwa ndani?" Anthu anaseka. Elube sanadye tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo, chithunzi chilichonse ankayamba wachikonza pafoni. Khungu kuliyeretsa, mphuno kuichepetsa, mpata kuutseka. Anthu anayamikira, mazanamazana. Koma woyamikiridwayo sanali iye, ndipo mwiniwake ankadziwa. Kutchalitchi anasiya, kuopa kukumana ndi omwe ankamudziwira pafoni. Galasi la m'chipinda analitembenuzira kukhoma. Omutsatira anafika zikwi zitatu, koma atagona ndi chimfine sabata yathunthu, palibe anagogoda pakhomo pake.

Mayi ake analibe foni. Mwezi ndi mwezi ankapita kwa azakhali a Elube n'kunena kuti, "Alamu, muuzeni mwana uja atumize chithunzi." Elube ankasankha chokongola kuposa zonse. Mayiwo ankachiyang'ana nthawi yaitali, n'kubweza foni. Kenako anasiya kupempha. Elube zinamupweteka. Mumtima anati, ngakhale ondibereka atopa nane.

Lamulungu lina m'mawa azakhali aja anaimba foni.

"Iwe Elube, mayi ako maso akutha. Diso lina linafa kale, linalo likungoona pang'ono. Ukudziwa chimene ankafunira zithunzi zija? Bambo ako, a Gama, anamwalira osasiya chithunzi ngakhale chimodzi. Mayi ako amati akakuona iwe ukuseka, ndiye kuti aona mwamuna wawo. Tsono iwe ukumawatumizira mwana wa eni ake. Ndi ndani ameneyo?"

Elube anafufuza m'foni monse. Zithunzi zinalimo zoposa chikwi, koma chake chenicheni munalibe, popeza zosakonza ankafufuta nthawi yomweyo. Anakhala pabedi mpaka tiyi anazizira.

Kenako anadzuka n'kutembenuza galasi lija. Anasamba kumaso, anaima pazenera pomwe panali dzuwa, anaseka mpata wonse uli poyera, n'kudzijambula. Chala chinathamangira chokha kokonzera kuja, poti chinazolowera. Anachibweza. Anatumiza chithunzicho momwe chinalili.

Masana kunabwera uthenga wa mawu. Poyamba anamveka azakhali: "Yandikitsani ku diso loonalo, alamu." Kenako anamveka mayi ake:

"Ee, a Gama awo. Ndi iwowo, kuseka kwake komweko. Mwanangu, unali kuti nthawi yonseyi?"

Elube anamvetsera uthengawo kasanu, akulira yekha m'kachipinda kaja. Chithunzi chomwecho anachiikanso pa masamba a mchezo. Anachikonda anthu asanu ndi awiri basi, ndipo iye anachisiya pomwepo. Mvula ya chaka chimenecho isanagwe, diso lotsala la mayi ake linatseka.

Inu amene mukundimvera, ndikukuonani momwe mumaweramira pafonipo. Nkhope imene mumaikonzayo si yanu nokha. Mphunoyo ili ndi kumene inachokera, ndipo alipo wina amene amayang'anamo munthu wake. Anthu zikwi zitatu aja mawa adzakonda wina. Koma amene akufuna kuona inuyo, mutumizireni lero, maso ake akadapenya.