Timaso Abereka Fano la Mzinda

Kalekale, mzinda wathu uno usanakwere paphiri pano, munali mayi wina dzina lake Timaso, kholo lathu ife tonse. Masiku amenewo ife Agiriki akuno tinkakhala kumunsi uko, m'mbali mwa nyanja yamchere, pomwe lero mukuona madzi okhaokha. Msika unali pomwepo, doko pomwepo, kachisi pomwepo.

Timaso ankagulitsa nsomba zouma, ndipo anali wamakani. Makani ake, ana inu, osanena.

Tsiku lina m'mawa nthaka inagwedezeka, mitsuko n'kugubuduzika. Kenaka nyanja inayamba kubwerera m'mbuyo. Inabwerera, inabwerera, mpaka zombo zinakhala pamatope, nsomba zikuphiriphitha pamchenga. Anthu anathamangirako ndi madengu, amvekere mulungu wa nyanja watigawira lero.

Timaso yekha sanathamangireko. Amayi ake, omwe anakulira pachilumba china, anamuuzapo kuti nyanja ikachoka chotero imabwerera ndi ukali. Timaso anakuwa, anachonderera kuti athawire kuphiri, koma anthu anangomuseka, ati akuopa kuti malonda ake sayenda. Ngakhale mwamuna wake Eukile anamuuza kuti asamuchititse manyazi pagulu.

Inu mukanatani? Mukanakhala chete? Mukanathawa nokha?

Timaso analowa m'kachisi, momwe wogulitsa nsomba sankapondamo, n'kunyamula fano lamtengo la mulungu uja, n'kulibereka ngati mwana. Anadutsa nalo dala pagombe kuti onse aone, basi liwiro la kuphiri.

Madengu anatayidwa. Mzinda wonse unamulondola: wansembe patsogolo, amuna ndi miyala m'manja, amayi ndi ana pambuyo kudzaonerera. Anamupeza pamwamba pano atagwa, ali wefuwefu.

"Mayi iwe, ukudziwa kuti wadziphetsa?" anatero wansembe.

"Ndikudziwa, bambo. Koma musanandigende, tacheukani."

Anacheuka. Nyanja inkabwera itaima ngati khoma. Inameza doko, inameza msika, inameza kachisi.

Kenaka mayi wina anaitana mwana wake, mwana n'kuyankha. Wina anaitana mlongo wake, mlongo n'kuyankha. Phiri lonse linadzaza kuitana ndi kuyankha, ena akulira, ena akuseka. Nkhalamba zochepa zomwe zinatsala kumunsi anazilira, koma mzinda unapulumuka. Eukile anagwada, namasula yekha fano kumsana kwa mkazi wake.

N'chifukwa chake timamanga pamtunda, ana inu. Ndipo kwathu kuno munthu akachenjeza, kaya ndi wonyozeka motani, timayamba tacheuka, kuseka pambuyo.