Kabowo ka Pansi pa Pampu

Panali munthu wina cha ku Thyolo, dzina lake Dafuleni, amene anali ndi galimoto yoti ambiri a inu simunaionepo. Inali yakalekale, yofiira, yamipando iwiri yokha, yotsika ngati ikukwawa, denga lake la nsalu lochita kupinda. Mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi anaisiya kuseri kwa galaja itafa, nkhuku zikuikiramo mazira. Dafuleni ndi mkulu wake Layisoni, onse awiri amakaniko, anaikoka ndi thirakitala n'kuiukitsa okha. Zinawatengera zaka zitatu. Itadzuka, ankayenda nayo awiriwo, wina pachiwongolero, wina pambali, fumbi lili koboo kumbuyo.

Zaka zinapita. Layisoni anapuma ntchito n'kukakhala ku Domasi, kwawo kwa mkazi wake, ndipo galimoto inatsala ndi Dafuleni. Kenaka mkazi wa Dafuleni anamwalira. Ana anali kale m'matauni, nyumba inangoti zii. Bamboyo anasiya kusesa. Anasiya kupita kubawo. Kudya ankadya choimirira, tsiku lina osadya n'komwe. Chimene ankachisamala chinali galimoto yokhayo. M'mawa uliwonse ankaipukuta mpaka kuti waliwali, n'kuiimika pabwalo kuti odutsa aziti, "Koma a Dafuleni akadali olimba."

Lamulungu lililonse Layisoni ankaimba foni. Inu abambo mukudziwa mmene timafunsirana ife amuna. Za mumtima sitifunsa, timazungulira. Iye ankangoti, "Iwe, galimoto ili bwanji?" Mng'ono wake ankayankha kuti, "Ili bwino, achimwene." Basi, nkhani yathera pomwepo.

Tsiku lina m'mawa Dafuleni anapeza ponyowa pansi pa injini, pang'ono chabe. Anagwada, anakhudza ndi chala, ananunkhiza. Anali madzi. Atatsegula boneti anaona kuti akudontha kuchokera pa pampu, ija imayendetsa madzi kuti injini isatenthe.

Tsono apa tcherani khutu, ngakhale inu amene simunagwirepo sipanala. Pansi pa pampu yotere pali kabowo kakang'ono, kongokwana kamtengo ka machesi. Sikuti opanga anaiwala kukatseka, ayi. Mkati mwa pampu muli labala yotchinga madzi. Kuseri kwa labalayo kuli beringi, timipira tachitsulo timene timazungulira mu girisi. Labala ikayamba kutha, madzi oyamba kudutsa amatulukira pa kabowo kaja n'kudonthera pansi, m'malo molowa mu beringi. Pampu ilibe pakamwa. Kudonthako ndiko kunena kwake kuti, ndithandizeni nthawi ikadalipo.

Zonsezi Dafuleni ankazidziwa. Anali atagwira umakaniko zaka makumi anayi, osati wophunzira dzulo. Ankadziwanso kuti labala ya galimoto imeneyo siipezeka m'sitolo iliyonse ku Limbe, ndi kuti munthu yekhayo wodziwa kusema labala ina kuti ikwane bwinobwino anali Layisoni. Akanangonena pafoni, mkulu wakeyo akanakwera minibasi tsiku lomwelo, zida zili m'chikwama.

Koma akanabwera, akanalowa m'nyumba. Akanaona mbale za sabata yatha zili mbwee, akanaona fumbi pampando wa malemu, akanaonanso mmene thalauza likumukhwepera mng'ono wake m'chiuno. Akanamuyang'ana m'maso n'kumufunsa funso lenileni. Dafuleni anachita manyazi. Anachitanso mantha, poti ankadziwa kuti akangofunsidwa adzalira ngati mwana.

Ndiye anatani munthu wamkuluyu? Anathyola kanthambi ka bulugamu, anakasongola ndi mpeni, anakakhomera m'kabowo kaja ndi hamala, n'kumata guluu pamwamba pake. Kudontha kunaleka. M'mawa mwake pansi panali pouma gwa. Lamulungu foni italira, iye anati, "Ili bwino, achimwene. Siikudontha ngakhale pang'ono." Ndipo onani, sananame!

Inatha miyezi inayi. Pabwalo panali pouma, galimoto ikuwala, anthu akuyamikira. Mkatimo madzi anali atasowa potulukira, ndiye analowa mu beringi, anatsuka girisi yense, n'kuyamba kudya chitsulo mwakachetechete.

Kenaka m'mawa wina, dzuwa litangotuluka, foni inalira tsiku losakhala Lamulungu. Anali mlamu wake, mkazi wa Layisoni.

"Alamu, akulu anu adwalika," anatero mayiyo. "Akhala akudwala kuyambira kale, koma anatiletsa kukuuzani. Kuchipatala atibweza, akuti palibenso chochita. Chimene akutchula ndi galimoto ija. Akuti mubwere nayo lero, aimveko kulira kwake, akhalemo pang'ono ngakhale isayende."

Dafuleni sanamwe ngakhale tiyi. Analiza injini n'kunyamuka. Anadutsa Bvumbwe, anadutsa Limbe, nalowa msewu wa ku Zomba, phazi lili pamoto. Mtima wake unali kale ku Domasi. Koma atangopitirira Njuli, pachitunda, kutsogolo kunayamba kulira kwiii, ngati chitseko cha dzimbiri. Iye anadziwa chimene chikulira. Anapondabe, akupemphera chamumtima. Beringi inagwira osazunguliranso, fani inapendama n'kung'amba rediyeta, thanki ija yoziziritsa madzi, madzi onse khuthu pa tala, nthunzi ili tolo.

Anatsika n'kuima yekha m'mbali mwa msewu. Magalimoto ankangodutsa. Ena ankachepetsa liwiro kuti ajambule galimoto yokongolayo ndi foni, kenaka n'kupitirira. Anakapempha madzi pa nyumba ina, anathira, madziwo anangotulukira pansi. Anathiranso. Anamanga ndi waya, anamata ndi sopo, anayesa nzeru zonse za zaka makumi anayi, poti kupita wopanda galimoto kunali kupita chimanjamanja. Anataya maola atatu pamenepo. Pomaliza anaikankhira pabwalo la mayi wina wogulitsa tomato, n'kukwera minibasi, ija yoima pa siteji iliyonse kudikira anthu.

Anafika ku Domasi dzuwa litapendeka. Kulira anakumva akadali kumsewu.

Pakhonde panali mphasa ndi pilo, koma panalibe munthu. Mlamu wake anatuluka m'nyumba, maso ali psuu, n'kumugwira mkono.

"Anatiuza kuti tiwatulutse pakhonde pano kuyambira m'mawa, nkhope kuloza kumsewu," anatero. "Ikamveka injini iliyonse amadzutsa mutu, kenaka amati, 'Si imeneyo.' Yawoyo akuti akanaizindikira ikadali kutali. Atisiya posachedwapa. Nanga galimoto ili kuti, alamu?"

Dafuleni anakhala pansi pamphasa paja, manja ali bii ndi mafuta. Kenaka anati, "Inkadontha, alamu. Ndinatseka kabowo ndi kamtengo."

Mayiyo sanamve chimene akunena. Munthu yekhayo amene akanamva mawu amenewo anali atagona m'chipinda, atafunditsidwa nsalu mpaka kumutu.

Abale anga, Dafuleni sanali mbuli, ndipo sanali munthu woipa. Anali munthu wosungulumwa amene anaopa kuonedwa ali choncho. Mkulu wakenso anachita chimodzimodzi ndi matenda ake, ndiye awiriwo anatha miyezi akulankhulana sabata iliyonse popanda wouza mnzake zoona. Ndikukuonani muno, mwatchena, nsapato zikuwala, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munasongola kale kamtengo kanu. Kudontha si manyazi. Mulungu anatisiyira potulukira, misozi ndi pakamwa, kuti zowawa zisatidyere mkati. Ngati muli ndi m'bale amene angathe kukumvani, mumuuze lero, osati mawa. Muloleni alowe m'nyumba, aone mbale zosatsukazo, akadali ndi mphamvu zokwera minibasi.